Ma fixture a hockey ku NHL: bwanji timu ina imazunzika pa ulendo pomwe inzake ili phee pakhomo?

Mu 2010 timu ya hockey ya Vancouver Canucks ya ku Canada inasewera magemu 14 otsatizana koyenda, osaponda pakhomo olo kamodzi, kuchokera kumapeto kwa Januwale mpaka cha pakati pa Malichi. Sikuti inali pa chilango ayi, kapena kuti masapota awo anagenda oyimbira. Bwalo lawo anatenga ndi a Olympics omwe chaka chimenecho ankachitikira mu mzinda wawo womwewo, ndiye ligi inangowauza kuti anyamata longedzani zikwama mukazungulire, tikuyitanani zikatha. Kwa ife amene tinakulira pa mpira wa miyendo izi zimamveka ngati nkhanza zenizeni, koma kumeneko sizinadabwitse munthu kwenikweni, chifukwa ndandanda wa magemu ku NHL, ligi ya hockey ya ku America ndi Canada, saupanga poyang'ana chilungamo poyamba, amaupanga poyang'ana kuti bwalo lilipo liti, a TV akufuna chiyani, osewera analola zotani, ndiye chilungamocho chimabwera kumapeto ngati malo atsala.

Kaye tigwirizane za hockey yomwe tikukamba. Si ija ya pa udzu kapena pa kapeti imene ena amasewera ku Blantyre ayi, iyi ndi ya pa ayisi, anthu amavala nsapato zokhala ndi chitsulo ngati mpeni kunsi kwake nkumatsetsereka, akumenya ndi ndodo kanthu kakuda kophwatalala kotchedwa puck. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 mkati kuphatikizapo goloboyi, ndipo gemu imakhala ya zigawo zitatu za mphindi 20. Ligi yaikulu pa dziko lonse ndi NHL, inayamba mu 1917 ku Montreal, pano ili ndi matimu 32, mwa amenewa 25 ali ku America ndipo 7 ali ku Canada.

Tsono masamu ake. Ku Premier League ya ku England matimu alipo 20, aliyense amakumana ndi mnzake kawiri, pakhomo ndi koyenda, magemu 38 basi nkhani yatha. Super League yathu nayo ndi chimodzimodzi, matimu 16 magemu 30. Palibe anganene kuti ine munandipatsa matimu ovuta okhaokha. NHL ikanatsata njira imeneyi bwenzi timu iliyonse ikusewera magemu 62, koma iwo kwa zaka zambirimbiri akhala akusewera 82, 41 pakhomo 41 koyenda, ligi yonse magemu 1,312 pakati pa Okutobala ndi Epulo. Magemu 20 apamwambawo ndi amene amasokoneza zonse. Matimu anawagawa mbali ziwiri, kum'mawa ndi kumadzulo, mbali iliyonse ili ndi magulu awiri a matimu 8, kum'mawa kuli Atlantic ndi Metropolitan, kumadzulo kuli Central ndi Pacific. Kuyambira mu 2021 pamene matimu anakwana 32, kagawidwe kake kanali kotere: matimu 16 a mbali inayo umakumana nawo kawiri kawiri, magemu 32 amenewo, matimu 8 a gulu lina la mbali yako katatu katatu, 24 amenewo, kenako 26 otsalawo ndi a m'gulu lako, pomwe matimu 5 umakumana nawo kanayi koma awiri katatu kokha. Mwaona pamenepo eti, katatu sikagawika pakati, wina asewera kawiri pakhomo wina kamodzi, chaka chinacho nkusinthana.

Ndiye timu ikagwera m'gulu la akatundu okhaokha imavutika kuposa ina yomwe gulu lake ladzadza ndi ofooka, koma mapointi pa tebulo amawerengedwa chimodzimodzi. Mapointiwo nawonso ali ndi kachinyengo kake, wopambana amatenga 2, wogonja mu nthawi yoyenera samapeza kanthu, koma akagonja mu nthawi yowonjezera kapena pa mapenate amapatsidwabe 1, moti gemu ina imatulutsa mapointi 2 ina 3. Zimenezo ndi nkhani ya tsiku lina.

Funso nkumati, bwanji osangochepetsa magemu? Yankho lake ndi ndalama za pageti. Hockey si ngati mpira wa ku America wa NFL umene ndalama zake zochuluka zimachokera ku TV, kuno tiketi, malo oyimika galimoto, mowa ndi zakudya za m'bwalo zimathandiza kwambiri kulipira osewera, ndiye gemu iliyonse ya pakhomo ndi tsiku la msika kwa mwini timu. Palibe mwini msika amene angavomere kuti masiku a msika achepe. M'malo mwake mu 2025 eni matimu ndi osewera anagwirizana zoti kuyambira sizoni ya 2026-27 magemu akhale 84, kuti matimu onse a m'gulu limodzi azikumana kanayi, nkuchepetsa magemu okonzekera aja sizoni isanayambe. Ndiye kuti kachilema kamodzi ka masamu aja kakuchoka, koma kakuchoka powonjezera ntchito osati kuchepetsa.

Magulu aja anabwera chifukwa cha mitunda. Kuchoka ku Vancouver kukafika ku Florida ndi makilomita pafupifupi 4,500, ndipo mawotchi amasiyana ndi maola atatu. Pomwe ku New York kuli matimu atatu oyandikana, Rangers, Islanders ndi New Jersey Devils, amenewa akamakumana okhaokha ndi nkhani ya basi, wosewera amadzuka kunyumba kwake, kukasewera koyenda, usiku womwewo kukagona pabedi lake. Wa ku Vancouver, Edmonton kapena San Jose amatha sizoni atakhalitsa mu ndege kuposa mnzake wa kum'mawa, ndipo izi sizingakonzeke ngakhale wopanga ndandandayo atakhala mngelo, mizinda singasunthidwe. Chimene amachita ndi kulumikiza magemu, timu ya kum'mawa ikapita ku California imenyeretu Los Angeles, Anaheim ndi San Jose pa ulendo umodzi, ikapita kumadzulo kwa Canada ithane ndi Vancouver, Calgary ndi Edmonton. Koma kuti izi zitheke mabwalo onse atatu akuyenera kukhala opanda zochita sabata yomweyo, ndipo eni ake atatuwo akhale ali pakhomo osati nawonso ali pa ulendo wawo, apa ndi pamene mutu umayamba kuwawa.

Nkhani yosangalatsa ndi ya Winnipeg. Mu 2011 timu ya Atlanta Thrashers inagulidwa nkusamukira ku Winnipeg, mzinda wozizira koopsa pakatikati pa Canada, koma nthawi yokonzanso magulu panalibe, ndiye kwa masizoni awiri Winnipeg Jets inakhalabe m'gulu la kum'mwera chakum'mawa kwa America, anzake a m'gulu ali ku Florida, Tampa Bay, Carolina ndi Washington. Taganizani timu yoti neba wake pa pepala ali kutali makilomita masauzande. Zinakonzedwa mu 2013, Winnipeg anayipititsa kumadzulo, ndipo Detroit ndi Columbus anazipititsa kum'mawa. A Detroit anali atalira kwa zaka zambiri, mzinda wawo umayendera wotchi ya kum'mawa koma timu inali kumadzulo, moti magemu ambiri a koyenda ankayamba 10 koloko usiku kwa masapota a kwawo, ana atagona kale, a TV nawo akudandaula kuti owonera ndi ochepa.

Kenako mabwalo, ndipo apa ndi pamene ine ndimaona kuti pagona nkhani yeniyeni. Bwalo la hockey si la hockey yokha. Madison Square Garden ku New York mumasewera Rangers, mumaseweranso Knicks a basketball, mumachitika ma show a oyimba, nkhonya ndi zina zotero. Ayisiyo samusungunula ayi, amangoyalapo matabwa apadera pamwamba, kenako nkuyika bwalo la basketball kapena nsanja ya oyimba, mawa lake nkuchotsa, anthu a ntchito amagwira usiku wonse. Ife timadziwako pang'ono zoterezi, Bullets ndi Wanderers akhala akugawana Kamuzu Stadium, koma kumeneko onjezanipo oyimba otchuka amene anabukitsa bwalo chaka chathunthu m'mbuyo ndipo usiku umodzi wokha amadzadzitsa mpaka pakhomo. Ku Chicago kunali mwambo wa zaka zambiri, Novembala aliyense m'bwalo la United Center munkabwera circus, njovu ndi anthu oyenda pa chingwe, ndiye Blackhawks a hockey ndi Bulls a basketball onse ankathamangitsidwa kwa masabata awiri, ulendowo mpaka unapatsidwa dzina lake loti circus trip. Ku Los Angeles timu ya Kings imachoka pakhomo nthawi ya mwambo wa mphoto za oyimba wa Grammy. Ndipo mu 2021 New York Islanders inayamba sizoni ndi magemu 13 koyenda chifukwa bwalo lawo latsopano la UBS Arena linali lisanathe kumangidwa, sizoni imeneyo sinawayendere bwino, sanafike nkomwe mu ndime ya chipulula chikhalirecho chaka cha m'mbuyo mwake anatsala pang'ono kufika mu fainolo.

Ndiye chimachitika nchakuti miyezi yambiri sizoni isanayambe timu iliyonse imatumiza ku likulu la ligi masiku amene bwalo lake lilipo, ochulukirapo kuposa amene akufunika kuti pakhale posankha. Vuto ndi lakuti aliyense amafuna masiku omwewo. Loweruka usiku aliyense akulifuna chifukwa bwalo limadzadza, Lolemba ndi Lachiwiri palibe akulifuna. Matimu ambiri a ku America safuna magemu ochuluka a pakhomo mu Okutobala ndi Novembala chifukwa nthawi imeneyo mitima ya anthu ili pa mpira wawo uja wa zipewa zolimba, Loweruka a m'makoleji, Lamulungu a NFL, ndiye amakonda kuti magemu awo a pakhomo aunjikane mpira umenewo ukatha. Koma onse sangakhale pakhomo nthawi imodzi, gemu iliyonse imafuna mlendo. Kompyuta imathandiza kusanja, imatulutsa mandandanda ambirimbiri oti asankhepo, koma pamapeto pake ndi anthu amene amaimbirana mafoni ndi mabwana a matimu, uyu akudandaula kuti mwandipatsa Lachiwiri ochuluka, uyo akuti ulendo wanga watalika, mpaka ndandanda utuluke cha mu Juni kapena Julayi.

A TV ndiye samapempha, amalamula. Ku Canada Loweruka usiku ndi Hockey Night in Canada, mwambo woti unayamba pa wailesi kalekale usanafike pa kanema mu 1952, ndipo umafuna timu ya kum'mawa ngati Toronto kapena Montreal pa gemu yoyamba, ya kumadzulo pa gemu yachiwiri. Kampani ya TV ya Rogers mu 2013 inavomera kulipira madola a ku Canada 5.2 biliyoni pa zaka 12, ndipo mu 2025 inasainanso mgwirizano wina wa zaka 12 wa 11 biliyoni, munthu wolipira chonchi sungamuuze kuti pepani Loweruka lino Toronto ikupuma. Ku America kuyambira 2021 ndi ESPN ndi TNT. Gemu ina yoseweredwa panja yotchedwa Winter Classic nayo inabadwa chifukwa cha TV, inayamba pa 1 Januwale 2008 kufupi ndi Buffalo, Buffalo Sabres kulimbana ndi Pittsburgh Penguins chipale chikugwa, ndipo ya mu 2014 ku Michigan Stadium kunalowa anthu 105,491. Mwa njira, nthawi yozizira kumeneko gemu yoyamba 7 koloko madzulo ku New York kuno imakhala 2 koloko m'bandakucha, za kumadzulo ndiye zimayamba tambala atalira kale, mwina nchifukwa chake masapota a hockey kwathu kuno ungawawerenge pa zala.

Osewera nawo ali ndi pakamwa, kudzera m'bungwe lawo la NHLPA lomwe linayamba mu 1967. Mgwirizano wawo ndi eni matimu uli ndi malamulo okhudza ndandanda. Timu itha kusewera masiku awiri otsatizana, lero kuno mawa mzinda wina, kutuluka m'bwalo 10 koloko usiku kukwera ndege kukafika ku hotela m'ma 2, matimu ambiri zoterezi zimawagwera kakhumi kapena kuposerapo pa sizoni ndipo nthawi zambiri tsiku limodzi mwa awiriwo amayika goloboyi wachiwiri kuti wamkuluyo apumeko. Koma masiku atatu otsatizana ayi, sizololedwa. Pa Khirisimasi pali masiku atatu opuma, osasewera, osapanga training, osayenda nkomwe. Lamulo limeneli si lamasewera, mu Disembala 2022 Toronto Maple Leafs inalipitsidwa chindapusa cha madola 100,000 chifukwa chonyamuka ulendo wa ku St. Louis pa 26 Disembala usiku, tchuthi chisanathe.

Zonsezi zimamveka bwino ukadziwa kuti ligiyi mwini wake ndani. Kwathu kuno kuli FAM pamwamba, SULOM ikuyendetsa ligi, ndipo FIFA ili pamwamba pa onse. NHL ilibe wina pamwamba pake. Ndi kalabu ya eni matimu 32, aliyense ali ndi mpando mu Board of Governors, ndipo ndi iwowo amene amalemba ntchito komishonala, yemwe kuyambira Febuluwale 1993 ndi Gary Bettman. Masapota amamukuwiza pafupifupi nthawi iliyonse akatuluka kudzapereka chikho, iye amangomwetulira, chifukwa omulemba ntchito si masapota. Kutuluka mu ligi kulibe, kukwera kuchokera ku ligi yaing'ono kulibenso. Ukathera pansi penipeni chaka chamawa ulipobe. Ukafuna kulowa umagula malo, Vegas Golden Knights inalipira madola 500 miliyoni nkuyamba kusewera mu 2017, Seattle Kraken inalipira 650 miliyoni nkuyamba mu 2021, ndalama zimenezi amagawana eni matimu, osewera sanyambitako. Timu ikamavutika simagwa, imasamuka. Arizona Coyotes inatha masizoni awiri ikusewera mu kabwalo ka pa yunivesite kolowa anthu osapitirira 5,000, kenako mu 2024 osewera onse anapezeka ali ku Utah pansi pa bwana watsopano, masapota a ku Arizona anangotsala ndi majezi.

Popeza palibe kugwa, amayenera kupeza njira ina yoti matimu a pansi asataye mtima ndipo mabwalo awo asakhale opanda anthu. Njira yoyamba ndi draft, pomwe matimu amasankha anyamata achisodzera mwa ndondomeko ndipo amene anachita moyipa ndi amene amayamba kusankha. Izi zinabweretsa khalidwe loti timu izigonja mwadala, ndiye anayikapo maere kuti kuthera pansi kusakhale chitsimikizo, mu 2015 Buffalo inathera pansi penipeni koma maere anagwera Edmonton ndipo ndi imene inatenga Connor McDavid. Njira yachiwiri ndi malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Malire amenewa sanabwere mwamtendere. Eni matimu anatsekera osewera kunja mu 2004, kukambirana kunakanika, ndipo sizoni yonse ya 2004-05 inafera m'mazira, osasewera olo gemu imodzi, chikho cha ligiyi chotchedwa Stanley Cup osaperekedwa koyamba chichokereni 1919 pamene unaletsa ndi mliri wa chimfine. Atabwerera mu 2005 malirewo anali madola 39 miliyoni pa timu, pofika 2025-26 anali pa 95.5 miliyoni. Mikangano ina yotere inachitika mu 1994-95 ndi 2012-13, ndipo maulendo onse awiri sizoni inadulidwa kufika pa magemu 48, matimu a kum'mawa ndi a kumadzulo osakumana nkomwe mpaka mu fainolo. Wa 2012-13 uja ndi umene unabweretsa zoti ndalama za ligi azigawana pakati ndi pakati, theka eni matimu theka osewera, ndiye mukaona osewera akuvomera magemu 84 musadabwe, nawonso amadya pomwepo.

Za Olympics ndi umboni wina. Ku mpira wa miyendo FIFA ikanena kuti sabata ino ndi ya matimu a mayiko, makalabu amangogonja kumasula osewera. Ku hockey bungwe la dziko lonse la IIHF silingalamule NHL, limachita kupempha. Osewera a NHL anapita ku Olympics kuyambira 1998 mpaka 2014, koma mu 2018 eni matimu anakana, ati kuyimitsa ligi kwa masabata awiri ndi kuposerapo pakati pa sizoni kumawaluzitsa ndipo wosewera akavulala kumeneko amalira ndi iwo. Mu 2022 anali atavomera, kenako Covid inachititsa kuti magemu ambiri ayimitsidwe, ndiye anatenga masiku a Olympics aja nkubwezeramo magemuwo. Mgwirizano woti abwerere ku Olympics ya 2026 ku Milan unachita kusainidwa padera. Chaka cha Olympics ndandanda umapanikizika zedi, magemu ndi omwewo koma masiku achepa, ndiye otsatizana aja amachuluka. Covid yomweyo inaonetsanso kuti magulu aja si malamulo a Mose, mu Malichi 2020 ligi inayima, anadzamalizira m'mizinda iwiri yokha, Toronto ndi Edmonton, popanda owonera, Tampa Bay nkutenga chikho mu Seputembala, ndipo sizoni yotsatira inali ya magemu 56 pomwe matimu 7 a ku Canada anawaunjika m'gulu limodzi kuti azingomenyana okhaokha chifukwa malire a dziko anali otseka.

Ndime ya chipulula ndiye imakhala yopanga uku ukuyenda. Amalowa matimu 16, atatu apamwamba m'gulu lililonse kuphatikiza awiri otsatira mbali iliyonse, ndipo kuti upitirire uyenera kugonjetsa mnzako kanayi pa magemu osapitirira 7, ndime zinayi, kupambana ka 16 kuti unyamule Stanley Cup cha mu Juni. Palibe amadziwiratu kuti akumana ndani ndi ndani kapena kuti mpikisano wawo utha pa gemu yachinayi kapena yachisanu ndi chiwiri, ndiye oyang'anira bwalo amasunga masiku oti mwina sadzagwira ntchito nkomwe, uku a basketball nawo ali mu ndime yomweyo nthawi yomweyo. Mu Meyi 2012 ku Los Angeles matimu onse atatu ogawana bwalo la Staples Center, Kings a hockey komanso Lakers ndi Clippers a basketball, anapezeka ali mu chipulula nthawi imodzi, ndipo bwalo limodzi lomwelo linachititsa magemu 6 m'masiku anayi. Lamulungu lake Kings inasewera masana pa ayisi, madzulo Clippers ikudikira kuti matabwa ayalidwe, aliyense akupemphera kuti gemu ya hockey isapite mu nthawi yowonjezera, chifukwa mu chipulula mapenate kulibe, amangosewerabe mpaka wina agoletse kaya zitenga maola angati. Mwamwayi inatha mu nthawi yake, Kings inagonja tsiku limenelo koma masabata atatu otsatira inadzatenga Stanley Cup yake yoyamba m'bwalo lomwelo.